Mpweya wa Mfumu Nyalugwe

Padangokhala. Vomerani mokweza kuti tili tonse, chifukwa nthano iyi si yabwino kuimva uli wekha.

Panali dziko lina limene mfumu yake inali Nyalugwe. Nduna yake yaikulu inali Nyani, mkulu wa asilikali anali Njati, ndipo nyama zina zonse zinali ndi maudindo ake: wina wolondera nkhokwe, wina woimba ng'oma, wina wongoomba m'manja mfumu ikayetsemula.

Dzikolo linali ndi mwambo wake. Chaka chilichonse akamaliza kukolola, mfumu inkayenera kutukula mwala wa makolo umene unkakhala pakati pa bwalo, kuunyamula pachifuwa, n'kukautula pachitsa chimene chinali patsinde pa mkuyu. Izo zokha si kanthu. Chovuta chinali chakuti mpweya wa mfumu sunkayenera kumveka kapena kuoneka. Ankati mfumu yopuma mokweza ponyamula ndi mfumu yobuula, ndipo mfumu yobuula ndi yodwala, siyenera mpando. Tsono nduna yaikulu inkayenda pambali pa mfumu itagwira nthenga ya nkhanga pamphuno pake. Nthengayo ikangoti gwede, ufumu watha, ndipo mpando ausunga ndi ndunayo mpaka atapezeka wina. Anayambitsa mwambowu ndani? Musandifunse ine. Ndikhulupirira kuti anali winawake amene sananyamulepo ngakhale mtolo wa nkhuni.

Zaka zonse Nyalugwe ankakwanitsa, ngakhale kuti akautula mwalawo ankayamba wakhala pansi, m'maso mutachita mdima. Koma chaka chimenecho malungo anamugwira m'dzinja, n'kumufinya ngati nsanza. Mmene ankadzuka pamphasa n'kuti nthiti zikuwerengeka, akatumba atangotsala dzina, chikopa chake cha mawanga chikulendewera ngati malaya obwereka. Nyani akamuona ankagwada ndi ulemu wonse, koma akatembenuka ankayang'ana mpando uja n'kumanyambita milomo.

Tsiku lina masana asilikali anagwira Likongwe m'khola la nkhuku za mfumu, dzira lina lili m'kamwa, lina m'khwapa. Anamukhwekhwereza mpaka pabwalo.

"Mlandu uwu ndi wosavuta, mfumu," anatero Nyani. "Thumba lanu la fodya linabooka. Chikopa cha kanthu aka n'chofewa bwino. Tikasende."

"Kasendeni," inatero mfumu ndi mawu otopa.

Koma lilime la Likongwe linali lofulumira kuposa mpeni wa Nyani.

"Wawa, mfumu! Kundisenda ndisendeni, ndani angakuletseni? Chondimvetsa chisoni n'chakuti fodyayo adzasuta ndi wina, pajatu thumba la mfumu limatsala ndi mpando."

Njati anasiya kubzikula. Aliyense ankadziwa kuti mfumu yaonda, koma panalibe amene anali atazinenapo poyera.

"Wati chiyani, iwe?"

"Ndati mazira aja sindimaba, mfumu, ndimawasankha. Ine ndine sing'anga wa akatumba. Njovu mukuionayi ndinaipeza ili ngati mbuzi ya m'chilala."

"Bodza!" anakuwa Nyani. "Tadziyang'ana wekha. Mikono ngati mapesi!"

"Nanga ndikanenepa ine, a Nduna, ndizilowa bwanji m'makola kukasankhira odwala anga mazira?"

Mfumu inamuyang'ana kwa nthawi. Kenako inati, "Chabwino. Ndakubwereka chikopa chako mpaka tsiku la mwala. Ndikakautula pachitsa ufumu uli m'manja mwanga, chikopacho n'chako. Ndikalephera, lamulo langa lomaliza ndisanachoke pampando lidzakhala la mpeni."

Tsono tiuzane zoona. Likongwe sankadziwa kalikonse za kunyamula miyala. Chinthu cholemera kwambiri chimene anali atanyamulapo chinali nkhuku yoikira, ndiponso imeneyo anachita kuikoka. Koma anagwada mwaulemu n'kunena kuti, "Mankhwala sayambira pa mfumu. Ndipatseni oti ndiyesere."

Anamupatsa Njati. Anapita kuseri kwa mpanda wa mfumu kumene kunali mphero yaikulu, mfumu ndi Nyani atakhala pambali kuti aonerere. Likongwe anaganiza kuti, poti mwambo sufuna mpweya, ndiyambire pomwepo.

"Akulu," anatero kwa Njati, "mphamvu zimakhala mumpweya. Mukangoutulutsa, mphamvu zathawa. Kokani, tsekani pakhosi, ndipo musatsegule mpaka nditamaliza nyimbo. Muzinyamula, muzitsitsa, muzinyamulanso."

Nyimboyo anaipeka pomwepo, poti sing'anga wopanda nyimbo palibe amene amamukhulupirira. Inali ya mbali ziwiri. Mbali yoyamba inali yotsika mawu, ndipo inkafunsa mwala kuti anaumangirira pansi ndani. Yachiwiri inali yokwera, ndipo inkauza mwalawo kuti mwini wake wafika, udzuke.

Njati anali msilikali weniweni, wosafunsa. Anakoka mpweya, natseka, n'kuyamba. Tsoka lake nyimbo inamukomera mwini wake Likongwe, moti atafika kumapeto anaibwereza. Maso a Njati anafiira psuu. Misempha ya m'khosi inatuluka ngati zingwe za luzi. Likongwe, maso atatsinzina, anabwerezanso. Kenako kunangomveka phii! Nthaka inagwedezeka, nkhuku zinabalalika, ndipo Njati anali gone chagada, miyendo m'mwamba, lilime panja.

"Mayo! Wapha mkulu wa asilikali!" anakuwa Nyani.

Mfumu inadzambatuka, kukamwa kuli yasa. Likongwe nayenso anaona mpeni uli pafupi. Koma posakhalitsa Njati anaphethira, natukula mutu.

"Kodi kwacha?"

"Mwaona, mfumu?" anatero Likongwe. "Mphamvu zachuluka mpaka thupi lalephera kuzisunga."

"Thupi langa ndi laling'ono kuposa lake. Ukufuna undiphe?"

"Ayi, mfumu, awa anali mankhwala a anyanga. Anu akubwera."

M'mawa mwake anamubweretsera Nguluwe, wolondera nkhokwe. Likongwe anati mumtima, kutseka kwalephera, ndiye kuti yankho ndi kutsegula.

"Achimwene, inu muzipuma mofulumira, ngati galu wothamangitsa gwape. Musasiye. Mpweya wambiri, mphamvu zambiri."

Anayamba nyimbo ija, koma tsopano moithamangitsa, funso ndi yankho zikupondana. Nguluwe anali wefuwefu asanagwire n'komwe mphero. Anaitukula ndithu, koma mimba inali lendelende, mutu unayamba kuzungulira, ndipo anayamba kuyenda nayo dzandidzandi ngati wochokera kumowa.

"Tulani! Tulani, achimwene!"

Nguluwe anatula, koma sanasankhe potula. Nyani anali atasendera pafupi kuti aone bwino bodza la Likongwe, ndipo mchira wake unali pansi. Thyo! Kukuwa kumene kunamveka tsiku limenelo kunaimitsa amayi pamitondo mudzi wonse. Mukadzaona nyani muone mchira wake, umayamba wakwera kenako n'kuthyokera pansi. Zinayambira pamphero imeneyi.

Wachitatu sanachite kumutuma. Fisi, woimba ng'oma, anamva kuti oyesera akuwapatsa mazira, ndiye anabwera yekha malovu akuchucha. Likongwe anali atatsala ndi njira imodzi yokha yoyesa. Anangoti, "Inu tulutsani mpweya wonse, m'mimba mukhale mopanda kanthu, ndiye mutukule. Muzikoka pamene mukudzuka." Nyimbo inali isanafike pakati pamene msana wa Fisi unati phwa! Anachoka pamenepo akukoka mbuyo, ndipo mbuyoyo sinadzukenso mpaka lero.

Apa ndiye mfumu inapsa mtima. Inadumpha n'kumuponda Likongwe pamsana ndi phazi lake, kumukanikizira m'dothi.

"Anthu anga ukuwatha mmodzimmodzi! Nyani, bwera nawo mpeni. Sitidikiranso tsiku la mwala."

Nyani anathamanga, ululu wa mchira atauiwala. Likongwe anamva mpeni ukunoledwa pamwala. Nzeru zonse zinamuthera, munangotsala mantha okhaokha, ndipo thupi linachita zake. Anakoka mpweya wambiri mpaka mimba inalimba ngati ng'oma, anaponda pansi ndi miyendo yonse, ndipo anakuwa kuitana mayi ake uku akukankha ndi msana. Phazi la mfumu linatukuka. Linatukuka ndithu, moonekeratu, mpaka Nyalugwe anapendekeka.

Mfumu inayang'ana phazi lake, n'kuyang'ana kanyamako. Ngakhale inali yoonda, phazi limenelo likaponda mbawala inkangoti chete.

"Tulukani nonse," inatero. "Nawenso Nyani, ndi mpeni wakowo."

Atatsala awiri, mfumu inafunsa motsitsa mawu, "Wachita bwanji zimenezi?"

Likongwe nayenso ankadzifunsa funso lomwelo. Koma anasasa fumbi modekha, ngati zonse anachita kukonza.

"Phunziro lenileni ndi limeneli, mfumu. Atatu aja ndimakuonetsani njira zofera, kuti musadzazilakelake."

"Ndiye lankhula."

Likongwe anayamba kukumbukira chimene thupi lake linachita, n'kumachinena pang'onopang'ono, ngati wosafuna kuulula chinsinsi msanga. "Musanatukule, kokani mpweya ufike m'mimba, usathere m'chifuwa. Limbitsani mimbayo ngati wina akubwera ndi chibakera. Mukamadzuka nawo mwala, muziutulutsa mpweyawo, osati wonse kamodzi, uzituluka mpaka mutaongoka. Potsitsa, kokaninso. Basi."

"Basi?"

"Ndi mazira, mfumu. Mazira ambiri. Ine ndiziyamba kuwalawa."

Anayamba ndi mwanamphero, kamwala koperera kaja, mfumu ikuchita nako manyazi. Likongwe ankaimba nyimbo yake, ndipo anadabwa yekha kuona kuti inali yoyenera ntchitoyo. Pa mbali yotsika, yofunsa mwala amene anaumanga, mfumu inkakoka mpweya uku ikuwerama. Pa mbali yokwera, youza mwala kuti udzuke, inkatulutsa uku ikuongoka. Ikatopa ankaipumitsa, ndipo masiku ena ankailetseratu kugwira mwala, ati minofu imamera munthu atagona. Kunena zoona ankangofuna kupumitsa pakhosi pake, koma zinathandiza. Atachoka pa mwanamphero anafika pa mphero, atachoka pa mphero anafika pa mtondo wodzaza mchenga wonyowa. Mapewa a mfumu anayamba kudzaza, akatumba anabwerera, mawanga anaongoka. Nayenso Likongwe kamimba kanatuluka, koma ameneyo anali mazira chabe.

Vuto linali phokoso. Mpweya wa Nyalugwe ukamalowa ndi kutuluka unkamveka ngati munthu akucheka matabwa, ndipo unkadumpha mpanda.

"Kukuchitika chiyani uko?" anafunsa Nyani tsiku lina atakumana ndi Likongwe panjira.

"Mfumu ikucheketsa matabwa a chitseko, a Nduna."

"Mwezi wonse? Chitseko chake chachikulu bwanji? Nanga utuchi uli kuti?"

Nyani sanadikire yankho. Anaseka, natambasula chikhatho n'kumuyeza Likongwe kuchokera pakhosi mpaka kumchira. "Fodya wokwana bwino alowamo umu. Ndamva zonse, m'bale wanga. Mfumu yako yalimba, koma yalimba ndi mpweya. Tikaonana panthenga."

Likongwe anathamangira kuseri kwa mpanda, ndipo anapeza mfumu ili gone pansi pambali pa mtondo, maso ali gwa. Inali itayesa kunyamula mtondowo mosapuma, monga mwa mwambo, n'kuyenda nawo mtunda wa pakati pa bwalo ndi chitsa. Sinafike ngakhale pakati.

"Wandipatsa mphamvu zoti sindingazionetse," inatero itatsitsimuka. "Ndikapuma, nthenga indigwetsa. Ndikapanda kupuma, ndigwa ndekha. Kulikonseko iwe ndiwe thumba."

"Tikaimbitsa ng'oma, mfumu, phokoso lisamveke."

"Nanga nthenga ili ndi makutu? Komanso Nyani walengeza kale. Chaka chino kulibe ng'oma, kulibe nyimbo mpaka mwala utafika pachitsa, ndipo wazula nthenga yatsopano ya pachifuwa pa nkhanga, yoti ngakhale udzudzu ukadutsa imavina."

Likongwe anakhala pansi, nagwira tsaya. Anasisita chikopa chake, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuti ndi chokongoladi, chofewa, choyenera thumba. Misozi inalengeza. Kenako makutu ake anaima.

"Mfumu, nthengayo amaiika pamphuno nthawi yanji?"

"Ndikangogwira mwala."

"Musanaugwire mumapuma?"

"Nanga ndine mtembo?"

"Ndiye tsikulo mukadzanyamuka pampando, musadzafulumire. Mudzayende ngati mkwatibwi. Zinazo mundisiyire."

Tsiku la mwala linafika. Dzuwa linali paliwombo, ndipo bwalo linadzaza mpaka ena anasowa popondera. Mvuu ndi Ng'ona okha ndi amene panalibe, anali kumaliro kutsidya. Akanakhalapo akatswiri ogwira mpweya amenewo, nthano iyi ikanatha mwa njira ina.

Nyani anaimirira, nthenga ili m'manja, ndipo analankhula kwa nthawi yaitali za makolo ndi za mwambo umene suyenera kupindidwa ngakhale pang'ono. Atatha, Likongwe anakwawira kutsogolo akuomba m'manja.

"Zikomo a Nduna, zikomo eni bwalo. Ine ndine mwana, ndili ndi kafunso. Mwati mwini dziko asapume. Nanga ife akapolo ake tizidzaza zifuwa pamaso pake, iye akubanika? Mfumu ikaimirira, ndani amakhala? Mfumu isanadye, ndani amatafuna? Tsono mfumu isakupuma, ndani ali ndi chilolezo chopuma?"

Nyama zinayang'anizana, zina zinagwira pakamwa. Zaka zonsezi zinali kupuma pamaso pa mfumu popanda manyazi, ndipo panalibe amene anazindikira chipongwe chimenechi!

"Zimenezo si za m'mwambo," anatero Nyani mofulumira.

"Ndiye kuti mwambo umalemekeza kapolo kuposa mfumu, a Nduna?"

Njati anaponda pansi. Iye nkhani za ulemu sankazitenga mwamasewera. "Kanthu aka kanena zoona! Kuyambira pamene mfumu inyamuke pampando mpaka mwala utafika pachitsa, amene ndimuone akupuma alawa nyanga iyi. Ndiyamba ndine kutseka."

Nyani anafuna kutsutsa, koma anali atangomaliza kudzitama kuti iye ndiye mlonda wa ulemu wa makolo.

Nyalugwe ananyamuka pampando. Bwalo lonse linakoka mpweya kamodzi, n'kutseka.

Mfumu inayenda mwamdidi. Inaima, n'kukonza mkanda wa m'khosi. Inayendanso pang'ono, n'kuima kuti izule minga kuphazi, ngakhale pabwalopo panali posesa. Woyamba kugwa anali Likongwe. Anadzigwetsa pafupi ndi mwala, nadzipinda, mphuno ataibisa pansi pa mchira, n'kumapuma bwinobwino. Kenako anayamba kugwa enieni. Mbewa zinagwa, agologolo anagwa, Gwape anapinda mawondo, Nguluwe anagubuduka, Fisi anagwera pang'oma yake. Ena akafuna kuba kampweya ankapeza diso lofiira la Njati lili pa iwo, ndiye ankatsekanso.

Nyani ankaba. Ankakoka pang'onopang'ono ndi mphuno, nkhope ataiumitsa. Koma anaiwala chimene anali nacho m'manja. Mfumu inali isanagwire mwala, choncho inali ndi ufulu wolankhula.

"Nduna yanga, nthenga ikuvina bwanji ine ndili kuno? Ndi mphepo ya ndani imeneyo?"

Njati anatembenuza mutu, nyanga zinaloza. Nyani anatseka, ndipo ulendo uno anatsekadi. Mfumu inazungulira mwala uja ngati ikuufunafuna pogwira. Njati anapepesuka, n'kugwa ngati nkhokwe yodyedwa ndi chiswe. Nyani anaona kuti mpata wapezeka, koma unapezeka mochedwa. Maso anatembenuka, nthenga inapulumuka, ndipo anagwa chafufumimba pamapazi a mfumu.

Pabwalo ponse panalibe woimirira kupatula Nyalugwe.

Likongwe anatsegula diso limodzi. Anaona mfumu ikuwerama, ikukoka mpweya mpaka m'mimba, ikulimbitsa, kenako ikudzuka ndi mwala wa makolo mpweya ukutuluka mwamkokomo. Inayenda nawo ikupuma momasuka ngati ikucheka matabwa a mudzi wonse. Panalibe woimba, koma Likongwe ankaimva nyimbo yake mumpweyamo, funso potsika, yankho pokwera. Mwala unafika pachitsa, khu! Mtima wa Likongwe unavina. Chikopa chapulumuka!

Anadikira kuti mfumu ikhale pampando, nyama zitsitsimuke, nthungululu ziyambe. Pangano lawo linathera pamenepo.

Koma mfumu sinakhale. Inaimirira pakati pa bwalo, chifuwa chikukwera ndi kutsika, ikuyang'ana anthu ake ali ngundangunda ngati nyama ya paukonde. Sinatope. Chaka chilichonse ikatula mwala inkayamba yakhala pansi, koma lero miyendo inali gwa, ndipo mikono inkafunabe chonyamula. Inayenda pang'onopang'ono kubwerera pamene panagona Nyani.

Likongwe anafuna kutseka diso lija, koma linakana.

Nyalugwe anawerama. Anakoka mpweya mpaka m'mimba, monga anaphunzitsidwira. Analimbitsa. Mano anagwira pakhosi pa Nyani, kunamveka kaphokoso ngati kuthyoka kwa nzimbe, ndipo mfumu inadzuka naye ikutulutsa mpweya bwinobwino, osati wonse kamodzi. Inafika pamkuyu n'kuyamba kukwera, nduna yonse yathunthu ili pakamwa. Inkakoka, n'kukwera ikutulutsa, kukoka, n'kukwera ikutulutsa. Sinalakwitse ngakhale pamodzi.

Likongwe anagwidwa ndi mantha amene sanawamvepo, oposa aja a pansi pa phazi. Nyani ankafuna kumusenda, inde, koma ankafuna kutero poyera, mlandu utaweruzidwa. Izi zinali zina. Ndipo mpweya umene unkakweza mtembowo anauphunzitsa ndi iye.

Nyama zinayamba kutsitsimuka mfumu itatsika kale, itakhala pampando ikunyambita dzanja. Zinaona mwala uli pachitsa. Nthungululu zinasweka, Fisi anakwawira pang'oma, Njati anagwada akulira ndi chimwemwe. Kenako kanthu kanadontha pamphuno pa Nguluwe. Anapukuta, nayang'ana, ndipo kanali kofiira. Anakweza maso. Ena anatsatira maso ake. Ng'oma inaleka pakati.

Pamphanda ya mkuyu panali Nyani, mikono ikulendewera, mchira wake wothyoka uja ukugwedezeka ndi mphepo.

Panalibe anakuwa. Ana anabisala kumbuyo kwa amayi awo. Ulendo uno bwalo linasiya kupuma popanda wolilamula.

"Alipo amene wamva mfumu ikupuma?" anafunsa Nyalugwe.

Zii.

"Alipo amene waona nthenga ikugwedezeka pamphuno panga?"

Zii.

Pamenepo mkazi wa Nyani anatuluka m'gulu, khanda lili kumbuyo. Sanapite kwa mfumu. Anapita kwa Likongwe, nagwada, poti Likongwe anali akadali pansi.

"Bambo, inu munagwera pafupi ndi amuna anga. Ndiuzeni, mwaona chiyani? Akwera bwanji mumtengomo?"

Maso onse anatembenukira kwa Likongwe. Nayonso mfumu inatembenuka, inasiya kunyambita dzanja, n'kumuyang'ana mwachifatse, monga mmene munthu amayang'anira nsalu pamsika.

Lilime lija, limene linali lisanasowepo chonena, linauma. Likongwe anayang'ana mayiyo, anayang'ana khanda, ndipo anamva chikopa chake chikumugwira thupi lonse.

"Ine ndinali woyamba kukomoka, mayi," anatero. "Sindinaone kanthu."

Mayiyo anamuyang'anabe kwa nthawi. Kenako anadzuka, nakonza mbereko, n'kuchoka osalira. Anyani onse anamutsatira, ndipo sanabwererenso pabwalo limenelo.

"Wayankha bwino, sing'anga," inatero mfumu. "Pangano ndi pangano. Chikopacho n'chako, pita nacho."

Likongwe anapita nacho. Chinali chathunthu, chopanda bala ngakhale limodzi, ndipo palibe amene anachikhudzanso mpaka anakalamba. Koma kuyambira tsiku limenelo sayenda poyera ngati anzake. Akafuna kuoloka njira amathamanga chowerama, mimba ikukhudza pansi, osayang'ana aliyense kumaso.

Nthano yanga ndaitula pomwepa. Amene munagwira mpweya, pumani tsopano.